Kusankha Makina Okololera Mpunga: Kabuku ka Mabanja a m'Chigwa cha Bwanje

Anthu ambiri akamva za Ntcheu amaganiza za kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi wa pa Lizulu. Koma mukatsika mapiri kulowera kum'mawa, ku Kasinje, ku Sharpevalle, ku Bwanje mpaka ku Bilira, dziko limasintha. Kumatentha, dothi ndi lamakande, ndipo m'madambo muli mpunga. Kumpoto pang'ono, mbali ya Dedza kwa Inkosi Kachindamoto, kuli sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley ya mahekitala 800, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan cha m'ma 2000 ndipo imatenga madzi mumtsinje wa Namikokwe. Alimi ake ndi oposa 2,000, kutanthauza kuti banja lililonse lili ndi pafupifupi ekala imodzi. M'madambo a mbali ya Ntcheu minda yambiri ndi yotero, ina yocheperapo.

Ekala imodziyo musaiiwale powerenga kabukuka. Makina ambiri okololera mpunga omwe mumawaona pafoni anapangidwira minda ikuluikulu, yosalazidwa bwino, yokhala ndi misewu yofika pandime. Banja la ekala imodzi likagula makina chifukwa chosirira, limagula ngongole. Koma likadziwa pomwe ntchito yake ikukanira, likhoza kupeza makina oyenera, kaya pogula limodzi ndi anzake kaya pobwereka.

Ntchito ikukanira pati?

Kukolola mpunga ndi ntchito zingapo zotsatana: kumweta, kututa mitolo, kumenya, kupeta ndi kuyanika. Makina ena amagwira imodzi yokha, ena amaphatikiza. Musanapite kwa wogulitsa, khalani pansi pabanja, bambo, mayi ndi ana akuluakulu omwe amalowa m'munda, mukumbutsane za chaka chatha. Kumweta kunatenga masiku angati? Nanga mitolo inakhala masiku angati pamulu isanamenyedwe? Aganyu anadya ndalama zambiri pa ntchito iti? Mawu a mayi amveke bwino pamenepa, chifukwa m'mabanja ambiri lichero limagwidwa ndi iwo, ndipo ndiwo akudziwa masiku omwe anakhala kudikira mphepo.

Mabanja ambiri akawerengetsa chonchi amapeza kuti kumweta si kumene kumawachedwetsa. Anthu anayi kapena asanu a zenga zakuthwa amamaliza ekala tsiku limodzi kapena awiri. Chomwe chimatha masiku ndi mphamvu ndi kumenya ndi kupeta. Ndipo m'masiku amenewo mpunga uli pamulu, mbewa zikudya, mpheta zikutola, mame akuunyowetsa usiku, dzuwa likuuumitsa masana. Mpunga ukamanyowa n'kuuma mobwerezabwereza, njere zimachita ming'alu mkati yosaoneka ndi maso. Ming'aluyo imadzaonekera kuchigayo, mpunga ukutuluka wosweka, venda n'kumatchula mtengo wochititsa manyazi.

Pali njira yosavuta yoyezera mpunga womwe ukutayika m'munda. Dulani timitengo tinayi totalika mita imodzi, mumange ngati felemu ya zenera. Mukamaliza kumweta, ikani felemuyo pansi pamalo asanu osiyana, ndipo paliponse tolani njere zomwe zayoyokera mkati mwake, muwerenge. Njere 1,000 za mpunga wosapuntha zimalemera pafupifupi magalamu 25. Ndiye mukamapeza njere 100 m'felemu iliyonse, mwataya makilogalamu 10 pa ekala. Mukamapeza njere 500, thumba lathunthu la makilogalamu 50 latsala m'munda. Felemu yomweyi mudzaigwiritsa ntchito poyesa makina: muone njere zotsala pomwe padutsa makina ndi pomwe padutsa zenga. Wogulitsa sangatsutsane ndi njere zili m'manja mwanu.

Palibe makina omwe angakonze mpunga womwetedwa nthawi yolakwika. Nthawi yabwino ndi pomwe njere 8 mwa 10 zilizonse pangala zasanduka zachikasu, pafupifupi mwezi umodzi mpunga utamasula. Njere za kunsonga kwa ngala zimakhala zolimba, za kutsinde zikumalizira kukhwima. Mukafulumira mupeza mankhusu ambiri opanda kanthu. Mukachedwa mpunga umayoyoka ukangokhudzidwa, ndipo makina amaugwedeza kwambiri kuposa dzanja.

Munda ndiwo usankhe makina

Choyamba ndi dothi. Makande akanyowa amamata ndi kutitimiza, akauma amalimba n'kung'ambika. Makina a mawilo amafuna nthaka yoti munthu akaponda chidendene chisalowe. Musikimu mukhoza kutseka madzi ndi kukhetsa ndime masiku 10 mpaka 14 musanakolole, bola mugwirizane ndi oyandikana nawo, chifukwa madzi a mnzanu amadutsa pansi pa mgula kulowa kwanu. M'dambo lodalira mvula mulibe chotseka. Chaka cha mvula yambiri madzi amakhalamo mpaka Meyi, ndipo pamenepo zenga ndiyo ilowe.

Chachiwiri ndi mtundu wa mpunga. Kilombero ndi Faya, omwe ogula amawakonda chifukwa cha fungo, ndi aatali, ndipo akalandira feteleza wambiri kapena mphepo yamphamvu amagwa. Mpunga wogwa umavutitsa makina omwetera aliwonse: mpeni umadutsa pamwamba, kapena umadula ngala zenizenizo. Mitundu yaifupi monga Pussa 33 ndi ina yochokera ku malo a kafukufuku a Lifuwu ku Salima imaima chilili ndipo imachera pamodzi, choncho makina amayenda bwino. Sindikunena kuti musiye Kilombero chifukwa cha makina ayi. Mtengo wake pamsika ndi umene umalipira sukulu. Kungoti amene amalima Kilombero aganize kaye za makina omenyera asanaganize za omwetera.

Chachitatu ndi kadzalidwe ndi kasalazidwe. Mpunga wowokera m'mizere pandime yosalala umachera limodzi. Wofesa pamalo a zitunda ndi maenje umacha mosiyana, apa wapsa, apo ukadali wobiriwira. Wazenga amatha kusankha, kumweta wakupsa lero n'kudzabwerera winawo mawa lake. Makina sasankha.

Chomaliza ndi njira. Yendani wapansi kuchokera pamsewu mpaka pandime yanu, mukuwerenga ngalande, migula ndi timilatho ta mitengo tomwe mwadutsa. Ngati ngolo ya ng'ombe siifika, makina olemera safikanso. Funso limakhala lakuti: kodi anthu anayi angawanyamule?

Zomwetera

Zenga musainyoze. Ya mano, yonoledwa bwino, imagwedeza mpunga pang'ono, imalowa m'matope, imadzutsa mpunga wogwa, ndipo siimwa petulo. Pamunda wosapitirira ekala imodzi, zenga zinayi zabwino ndi lona lalikulu zimapindulitsa kuposa makina ambiri.

Pali makina otchetchera udzu opachika paphewa, omwe ena amawaika chitsulo chopinda kumutu kuti mpunga uzigwera mbali imodzi. Ndi otsika mtengo, amanyamulika panjinga ndipo amalowa pandime yaing'ono. Koma amatopetsa msana, ambiri amafuna petulo wosakaniza ndi oyilo mwamuyeso wake, ndipo pampunga wopsa kwambiri amayoyola njere zambiri. Ndi othandiza kwa mnyamata wofuna kumagwira ganyu yomweta m'minda ya anthu, bola ayambe m'mawa mpunga usanaume gwa.

Kenako pali makina omwe ogulitsa amawatchula kuti reaper. Munthu amayenda pambuyo pake atagwira zigwiriro, kutsogolo kuli mpeni wa mano ambiri wotalika pafupifupi mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mpunga womwetedwa umagona mumzere mbali imodzi. Ena ali ndi injini yawoyawo, ena amamangiriridwa kutsogolo kwa kathirakitala ka mawilo awiri. Pamunda wouma, wosalala, wa mpunga woimirira, makinawa amatha kumweta mahekitala awiri patsiku. Pandime zing'onozing'ono nthawi yambiri imathera potembenuka ndi kuwoloka migula, komanso m'makona ndi m'mbali mumayenera kuyamba mwamweta ndi zenga kuti makina apeze polowera.

Apa pali msampha umene magulu ambiri sauona. Reaper imangomweta. Ikagwetsa mahekitala awiri tsiku limodzi, mpunga wonsewo uli pansi ukudikira manja omwewo omwe amatenga sabata kumenya ekala. Mwafulumizitsa ntchito yomwe sinali kukanika, n'kuunjikira ntchito yomwe inali kukanika kale. Musagule makina omwetera musanakhale ndi omenyera.

Makina omenyera

Ngati gulu lili ndi ndalama zogulira makina amtundu umodzi wokha, ine ndingati likhale la awa.

Alipo amitundu iwiri. Oyamba ndi opalasa ndi phazi. Ali ndi mgolo wokhala ndi timawaya topinda. Munthu amapalasa kuti mgolo uzizungulira, kwinaku atagwira mtolo kutsinde n'kugunditsa ngala pamgolopo. Safuna mafuta, anthu awiri amawanyamula, ndipo owotcherera a pa Ntcheu boma kapena pa Balaka akhoza kuwakonza, ngakhale kuwapanga ataona chitsanzo. Mapesi amatsala athunthu. Kuipa kwake, amafuna mpunga womwetedwa ndi mapesi aatali, ngala zitayang'ana mbali imodzi, samapeta, ndipo mwendo umatopa. Kwa mabanja awiri kapena atatu a pachibale olima moyandikana, ndi poyambira pabwino.

Achiwiri ndi a injini, omwe mumaponyamo mpunga ndi mapesi omwe. Mkati muli mgolo wa mano achitsulo wozungulira m'kati mwa sefa. Mpunga umalowa mbali imodzi, umazunguliridwa kangapo ukuyenda motsata mgolo, njere zikugwera pansi kudzera m'sefa, mapesi n'kutulukira mbali inayo. Kapangidwe kameneka kanachokera ku bungwe la kafukufuku wa mpunga la IRRI ku Philippines m'zaka za m'ma 1970, ndipo amisiri a m'maiko ambiri akhala akukatengera. Ku Senegal, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri anakonzanso makina amtunduwu kuti agwirizane ndi minda ya kumeneko n'kuwatcha ASI, ndipo amisiri akomweko ndi amene amawapanga. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti makina omenyera si chinthu chodabwitsa chofuna injiniya wochokera kunja: ndi malata, mabering'i, malamba ndi injini. Aang'ono onyamulika amamenya makilogalamu 300 mpaka 600 pa ola ngati oponyamo ali okwanira. Ekala ya matumba 25 imatha tsiku lisanapendeke.

Posankha, yang'anani zinthu izi mofatsa.

Kodi ali ndi fani yopetera? Ena amangomenya, njere n'kutuluka pamodzi ndi zinyalala. Otero amachotsa ndodo m'manja mwa bambo koma lichero amalisiya m'manja mwa mayi. Okhala ndi fani ndi sefa yogwedera amakwera mtengo komanso amalemerapo, koma mpunga umatuluka woti n'kuyanika.

Injini yake ndi yamtundu wanji? Funso ili ndi lalikulu kuposa dzina la kampani lolembedwa pambali. Injini zazing'ono za petulo, zofanana ndi za mapampu a mthirira, amakaniko a njinga zamoto amazidziwa ndipo masipeya ake amapezeka m'magolosale a zitsulo. Injini za dizilo za pisitoni imodzi, zonga za m'zigayo za chimanga zakumudzi, n'zolemera koma zimapirira, zimamwa mafuta pang'ono, ndipo pafupifupi pamsika uliwonse pali wina amene anazimasulapo. Pitani kwa makaniko wa kwanuko musanagule, mumufunse injini yomwe angaikonze popanda kutumiza munthu ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Yankho lake likhale muyeso wanu.

Kodi angamenyenso mbewu zina? Mpunga wamvula umakololedwa kuyambira Epulo mpaka Juni. Makina ongogwira miyezi iwiri pachaka amachedwa kubweza ndalama. Koma Ntcheu ndi boma la soya, nyemba, chimanga ndi nandolo. Pali makina omwe mukasintha sefa ndi liwiro la mgolo amamenya mbewu zimenezi. Akamaliza kuchigwa akhoza kukwera kumtunda kukagwira ganyu. Wogulitsa akanena kuti makina ake amatha zonse, muuzeni asinthe sefayo inu mukuona, ndipo masefa onse alembedwe palisiti.

Amayenda bwanji? Ena ali ndi mawilo ndi mpini wokokera ndi ng'ombe kapena kathirakitala. Ena ali ndi zogwirira zonyamulira, injini n'kumachotsedwa payokha. M'madambo opanda njira sankhani onyamulika, chifukwa makina ndiwo ayenera kutsata mpunga. Mtolo uliwonse wosenzedwa pamutu mtunda wautali umasiya njere m'njira.

Kayesedwe kake n'kosavuta. Yalani lona pansi pa makina ndi kumene kukugwera mapesi. Ponyani mitolo kwa mphindi zingapo, kenako zimitsani. Tapani mapesi odzaza manja awiri kotulukira, muwakutumule palona, mupapase ngala. Mukapeza njere zambiri zikadali pangala, mgolo ukuzungulira pang'onopang'ono, kapena mano atha, kapena mpunga ndi wauwisi. Kenako tapani njere zodzaza dzanja kotulukira mpunga. Mukaona zoyera zosendeka kapena zoduka, mgolo ukuthamanga kwambiri kapena mpata wa pakati pa mano ndi sefa wachepa. Pomaliza imani kumene fani ikuuzira, mutole zouluka, muzifinye ndi zala. Ngati zina zili ndi mpunga mkati, mphepo yachuluka. Makina abwino amakhala ndi pochepetsera mphepo ndi posinthira liwiro. Opanda zimenezi asiyeni.

Omweta adziwenso kuti makina oponyamo amafuna mapesi aafupi. Mukamweta pansi penipeni ngati mmene timachitira pofuna kumenya ndi ndodo, makina amatsamwa, lamba amaterereka, mafuta amatha msanga. Mwetani chapakati, ndipo woponya aziponya pang'onopang'ono mosalekeza, osati mtolo wonse kamodzi.

Kombaini

Awa ndi makina omwe amamweta, kumenya ndi kupeta nthawi imodzi. A mpunga amayenda pa malamba a mphira m'malo mwa mawilo kuti asatitimire, ndipo odziwika kwambiri m'chigawo chino cha Africa ndi ochokera ku Asia, monga a Kubota. Kwa anzathu a ku Mbarali, kumwera kwa Tanzania, alimi ambiri a minda yaing'ono amakololetsa ndi makinawa, koma si aliyense ali ndi ake. Eni ake ndi amalonda kapena magulu, alimi amangolipira pa ekala. Kombaini imalemera matani angapo, imafuna lole yoinyamulira, woyendetsa wophunzira, ndi minda yambiri chaka chilichonse kuti ibweze ndalama. Si katundu wa banja, ndipo ngakhale kalabu ya anthu 20 isaiyerekeze. Ya kopaletivu yaikulu ya musikimu, mwina, ngati minda ili yosalazidwa ndipo alimi a chigawo chimodzi avomerezana kudzala mtundu umodzi sabata imodzi.

Mwayi wobwereka ukapezeka, konzekerani zinthu ziwiri. Choyamba, sonkhanani oyandikana kuti woyendetsa apeze maekala angapo pamalo amodzi. Sangabwere chifukwa cha ndime yanu yokha, ndipo akabwera mtengo wake mudzaumva. Mugwirizanenso za yemwe adzakonze migula ndi ngalande zomwe makina adzaphwanye powoloka.

Chachiwiri ndi poyanika, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mpunga wa kombaini sunagone padzuwa ngati wa zenga. Umatuluka ndi chinyezi cha 20 mpaka 25 peresenti, pomwe wosunga kapena wopita kuchigayo umafuna 14 peresenti. Ukagona m'matumba usiku umodzi kapena uwiri umatentha, umasanduka wachikasu mkati, fungo la Kilombero n'kuthawa. Uyenera kuyalidwa tsiku lomwelo. Poyanika, mulu usakhuthale kuposa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo muzitembenuza pafupipafupi. Pamuyeso umenewu thumba limodzi limafuna malo oposa masikweya mita awiri, ndiye matumba 25 amafuna malona awiri a mamita 5 m'lifupi ndi 6 m'litali. Muwapeze kombaini isanalowe m'munda. Olima mpunga wachilimwe, womwe umacha cha mu Novembala ndi Disembala mvula ili pakhomo, asamale kwambiri.

Dziwaninso kuti makilogalamu 100 a mpunga wa chinyezi cha 24 peresenti akauma kufika pa 14 amatsala pafupifupi 88. Ngati mukulipira mwini makina ndi matumba, kapena mukugulitsa pomwepo, nenani poyera ngati mukukamba za mpunga wauwisi kapena wouma.

Masamu a matumba

Mitengo ya makina imasintha mofulumira. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, masipeya omwe. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerengera m'matumba a mpunga. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza; inu muikepo anu.

Tinene kuti makina omenyera akugulitsidwa pamtengo wofanana ndi matumba 120, ndipo mukuyembekeza kuti agwira zaka 5. Ndiye chaka chilichonse ayenera kubweza matumba 24 kuti akadzatha mudzagule ena. Onjezani matumba 6 a malamba, mabering'i ndi makaniko, akwana 30. Tinenenso kuti mukulipiritsa thumba limodzi pa matumba 20 aliwonse omenyedwa, ndipo theka la malipirowo likupita ku mafuta, oyendetsa ndi ngolo. Kuti mutsale ndi 30 muyenera kulandira 60, kutanthauza kumenya matumba 1,200. Pa matumba 25 pa ekala, amenewo ndi maekala 48 chaka chilichonse.

Banja la ekala imodzi likaona nambala imeneyi lidziwa lokha kuti kugula palokha n'kosatheka, pokhapokha likufuna kuyamba bizinesi yomenyera anthu ena. Imeneyonso ndi bizinesi yabwino kwa amene angaigwire ndi mtima wonse, koma ndi ntchito yoyenda nayo miyezi, osati yapambali. Kwa ena onse njira ndi ziwiri: kulipira amene ali nawo, kapena kugula pagulu. Banki mkhonde ikhoza kukwanitsa makina opalasa ndi malona. Makina a injini amafuna kalabu yaikulu kapena kopaletivu. Pulojekiti ya boma ya AGCOM, yothandizidwa ndi World Bank, yakhala ikupereka thandizo la zipangizo ku makopaletivu olembetsedwa omwe ali ndi msika wodziwika, gulu n'kusonkhako gawo lake. Alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) ya Sharpevalle kapena ya Bilira, ngakhalenso ofesi ya zaulimi pa Ntcheu boma, ndiwo angakuuzeni zomwe zilipo chaka chimenecho. Koma makina obwera ndi thandizo amafunanso masamu omwewa. Dziko lino ladzaza ndi zitsulo zolandira mwaulere zomwe zinaima chifukwa cha lamba mmodzi, gulu lisanasunge ngakhale tambala yokonzetsera.

Kwa wogulitsa

Musapite nokha, ndipo musatume wapampando chifukwa choti ndi wapampando. Apite amene adzayendetse makinawo, makaniko wanu, ndi msungichuma. Nyamulani mitolo ingapo ya mpunga wa kwanu, chifukwa makina oyesedwa opanda kanthu onse amalira bwino. Kuposa apo, funsani wogulitsa akuuzeni gulu lomwe linagula makina otero chaka chatha, mukawaone akugwira ntchito, mufunse eni ake chomwe chinayamba kuthyoka.

Gogodani malata, muone ngati ndi ochindikala. Yang'anani mowotcherera. Zungulizani mgolo ndi dzanja injini ili yozima: uzungulire mosakhula, osagwedera. Werengani manambala olembedwa pa malamba ndi pa mabering'i, mukafunse m'sitolo ya zitsulo ngati alipo. Pa reaper funsani za timipeni ta mano, chifukwa timathyoka tikagunda mwala kapena chitsa, ndipo popanda ito makina onse ndi chitsulo chabe. Makina ogwiritsidwapo kale ntchito asamalidwe koposa. Penti watsopano amabisa zambiri, paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tsegulani poikira oyilo, yang'anani utsi, ndipo injini ilizidwe ili yozizira inu muli pomwepo.

Pamtengo wogulira onjezani malamba awiri apadera, mabering'i, oyilo, girizi, masipanala ndi malona. Wogulitsa alembe papepala miyezi yomwe adzakonze ulere makina akawonongeka, ndiponso avomere kudzaphunzitsa oyendetsa kumunda kwanu. Za mafuta, zaka zapitazi tonse taona mizere pa malo omwetsera mafuta. Gulu ligule mafuta a nyengo yokolola mwezi wa Malichi, lisunge m'zigubu zoyenera, pamthunzi, kutali ndi khitchini ndi mapesi.

Makina a gulu

Mpunga wa anthu onse umacha sabata zomwezo, ndipo aliyense amafuna makina lero. Mkangano umenewu uthetsedwe mpunga usanamasule. Lembani tsiku lomwe aliyense anawokera ndi mtundu womwe anadzala, ndipo ndandanda itsate kupsa kwa mpunga, osati udindo wa munthu m'gulu kapena m'mudzi. Oyendetsa akhale awiri odziwika, ndipo wina aliyense asagwire chingwe cholizira. Aliyense alipire, wapampando yemwe, ndipo malipiro atengedwe pomwepo palona, chifukwa ngongole ya mpunga ikalowa m'nyumba siituluka. Kope la makina lilembedwe tsiku ndi tsiku: munda wa yani, matumba angati, mafuta malita angati, chawonongeka n'chiyani.

Makina oyenda munda ndi munda amanyamula njere za uku kupita nazo uko. Kilombero wosakanikirana ndi mtundu wina amatsika mtengo, ndipo mbewu yake ikadzalidwa chaka chamawa munda umacha mosiyana. Amanyamulanso njere za udzu. Pochoka pamunda uliwonse tsegulani chivundikiro, sesani m'sefa ndi m'makona, lizani makina opanda kanthu kwa mphindi ziwiri. Ngati n'kotheka menyani mtundu umodzi masiku otsatana. Mpunga wa mbewu musankhe pandime yabwino, mumwete ndi zenga, mumenye pamanja palona loyera.

Kumbukiraninso kuti m'mudzi muli mabanja omwe ganyu yomenya mpunga ndi imene imawapezetsa chakudya cha miyezi ingapo. Makina a injini amafunabe anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi: otuta, woponya, wochotsa mapesi, othira m'matumba. Polemba anthu amenewa yambani ndi omwe ankagwira ntchitoyi kale, amayi omwe, ndipo palibe choletsa mayi kuphunzira kuyendetsa injini.

Za ngozi tisanyengererane. Mgolo wa mano sudziwa kusiyanitsa mtolo ndi dzanja. Makina akatsamwa, zimitsani injini, dikirani mgolo uime, kenako chotsani zotsamwazo. Osakankha mpunga ndi dzanja mkati mwa kamwa la makina. Malamba akhale ndi zotchinga zake nthawi zonse. Chitenje chimangidwe zolimba, mpango usalendewere, malaya a manja aatali amangidwe mabatani. Mwana wakumbuyo asayandikire fumbi, ndipo ana osewera akhale kutali. Fumbi la mpunga limayabwa ndi kutsokomoletsa, choncho phimbani mphuno ndi pakamwa, ndipo ikani makina moti mphepo izikankhira fumbi ndi utsi kutali ndi anthu. Osathira mafuta injini ikulira kapena ili yotentha, osasuta fodya pafupi, ndipo mulu wa mapesi usayandikire paipi ya utsi. Amene walawako kachasu tsiku limenelo akatute mitolo.

Mapesi otuluka m'makina musawatenthe. Ndi ophwanyika kale, amawola msanga pa kompositi, ndipo ng'ombe zimawadya m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala msipu utatha.

Nyengo ikatha, sesani makina onse kuti mbewa zisapeze chodya mkati n'kuluma mawaya. Khetsani petulo m'thanki ndi m'kabuleta, sinthani oyilo, masulani malamba muwapachike m'nyumba, pakani girizi pa mabering'i ndi oyilo wakutha pa mipeni ndi pa mano. Makina akhale pansi pa denga, atakwezedwa pa njerwa. Sabata yomweyo msungichuma awerenge kope pamaso pa gulu lonse, matumba a makina agulitsidwe, ndipo masipeya a chaka chamawa agulidwe nthawi yomweyo ndalama zisanabwerekedwe ku zina.